Makadi Khumi a Tsiku la Anakubala

Lolemba

Makina ndi anga! Adona anga akusamukira ku Kepi, akuti nditenge, iwo atopa nawo. Makina odula mapepala: umasankha duwa pa foni, iwo nkudula okha. Ndawasenza pamutu kuchokera pa takisi mpaka kuchipinda kuno ku Troyeville.

Nzeru nayi. Tsiku la Anakubala kumudzi layandikira. Kuno ku Joni anachita kale lawo mu Meyi, m'masitolo mulibe khadi ndi limodzi lomwe. Ndiye ndipanga ine, a Chichewa. A Mbewe, amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi, anyamuka Loweruka m'mawa.

Olembetsa pabwalo pano: asanu ndi anayi. Lakhumi ndi la amayi anga. Zaka zisanu ndi chimodzi osaonana, komanso tinasiyana titayambana. Khadi limeneli likakonze zinthu.

Lachiwiri

Mphunzitsi wanga ndi foni. Mayi wa mu vidiyo akudina, akumwetulira, duwa likutuluka. Ine ndikudina pomwepo, makina akutafuna pepala ngati mbuzi yanjala.

Pepala amaligoneka pa kamphasa komata kuti lisasunthe. Kamphasa kanga kamata izi:
pepala, mpaka kukana kuchoka
tsitsi langa
njere zitatu za mpunga
mphemvu imodzi, yamoyo, ikundiyang'ana

Makadi otha: palibe.

Lachitatu

Magetsi azima duwa lili pakati. Atabwera, makina ayambiranso poyamba, papepala lomwelo. Latuluka sefa.

Amake Junior, a chipinda choyandikana ndi changa, abwera ndi mawu oti ndilembe: "Amayi, ndimakuganizirani usana ndi usiku." Ine bodza sindilemba. Ndawafunsa chabe ngati si iwo amene amasiya foni ya amayi awo ikulira mpaka itatopa yokha. Khoma ndi lopyapyala, ndimamva.

Amenyetsa chitseko. Atsala asanu ndi atatu. Ndalakwa chiyani? Ndangofunsa!

Lachinayi

Asiyatu wa ku Mangochi akufuna duwa lake likhale la chitenje. Ndayesa. Kampeni ka makina kati thyo! Kena akuti kamapezeka kumpoto uko, matakisi awiri, ndipo ine mawa ndili kuntchito.

Mawu a Asiyatu: "Amama, Disembala uno ndikubwera." Ndamukumbutsa kuti ananenanso choncho chaka chatha, ndi chaka chinacho. Ndimafuna kumuthandiza, asanamize nkhalamba.

Iye: "Kodi asisi, mumadula mapepala kapena mumaweruza milandu?"

Pofika madzulo nkhani yazungulira bwalo lonse, mpaka ku spaza, kagolosale ka pafupi apa. Atsala atatu. Anthu safuna khadi, amafuna wowathandiza kunama!

Lachisanu

Atatu aja nawonso apita. Onse asanu ndi anayi akagula m'tauni makadi a tsiku lobadwa, a Chingerezi, afufuta mawu ndi cholembera nkulembapo awo. Lina lili ndi chithunzi cha galu atavala chipewa. Amake Junior akulikweza m'mwamba kuti ndilione: "Bola awa, sayankha."

Latsala langa. Ndadula ndi sizasi, ngati kale. Duwa likuoneka ngati kabichi, koma ndi duwa.

Tsopano mawu a mkati. Ndikuyesera pa mapepala otafunidwa aja.
Loyamba: "Amayi, ndakusowani, ngakhale olakwa munali inu." Ndang'amba.
Lachiwiri: "Amayi, ndakukhululukirani." Adzafunsa kuti pa chiyani, tiyambirenso. Ndang'amba.
Lachitatu: "Amayi, pepani." Dzanja lakana. Lalemba "pe" nkuima.

Eish. Ine amene ndimauza aliyense zoona, zanga zandikanika kulemba.

Loweruka

A Mbewe aliza hutala kunja kusanache bwino. Pabwalo piringupiringu: mabulangete, zigubu za mafuta, firiji ya wina, makadi asanu ndi anayi a tsiku lobadwa. Ine ndakhala pabedi, cholembera m'manja.

"Mlongo, malire sadikira munthu!"

Ndalowetsa khadi mu envulopu, ndamata, ndathamanga. Alipanikiza pakati pa chigubu ndi thumba la anyezi. Galimoto yakhota pakona.

Ndabwerera m'chipinda, cholembera chikadali m'manja, chivindikiro osachotsa. Mkati mwa khadi sindinalembemo kanthu. Ngakhale dzina langa.

Lamulungu

Makina ndawapezera ntchito: ndikuyanikapo mbale. Kamphasa kali kuseri kwa chitseko, kagwira mphemvu zina ziwiri. Pa zonsezi ndi kokhako kamene kakugwira ntchito.

Pabwalo palibe akundipatsa moni. Asiyatu wadutsa ngati ndine mtengo wa magetsi.

A Mbewe akayenda bwino, Lachitatu amayi atsegula envulopu. Kabichi kunja, mkati mbee! Sadzafunsa kuti lachokera kwa yani, a Mbewe adzawauza. Chimene sadzakhulupirira ndi chakuti ndi ine.

Kuyambira ndili mwana akhala akundipempha chinthu chimodzi: "Iwe, tatseka pakamwapo." Chabwino, amayi. Mphatso yanu ili m'njira.