Adani Anayi a Tadala

Lolemba
Tachokera kuchipatala cha mishoni. Tadala wathu, wa chaka chimodzi, ali ndi chimfine, ndipo m'chifuwa mukulira ngati wezulo. Adokotala akuti, "Mwanayu asayandikire utsi ndi fumbi." Basi, nkhondo! Ndalemba adani:
1. mafuwa a m'nyumba
2. koloboyi
3. mabelo a fodya kuchipinda
4. osaka mbewa otentha tchire
Amake Tadala akuti, "Kodi mwamaliza onse?" Onse, mayi.

Lachiwiri
Mafuwa atuluka panja. Mphepo ya Juni ikuzimitsa moto, nyemba zikukana kupsa. Pofika masana mafuwa abwerera m'nyumba. Ine kuseri kwa nkhokwe, kandudu kamodzi koganizira. Ndimasutira kutali ndi mwana, ndine munthu wosamala.

Lachitatu
Mabelo ndawasamutsira m'chigafa. Alamu akuti akuba avuta ku Nsaru. Mabelo abwerera kuchipinda, msana wanga wathyoka ulele. Tadala sakugona mpaka timufunditse jekete langa. Mwana wokonda bambo ake!

Lachinayi
Koloboyi ndabisa. Tochi ilibe mabatire. Koloboyi ndabisula.
Tchire likuyaka kudambo, utsi wonse kwathu. Ndapita kukawakalipira a mbewa aja. Andipatsa zisanu zonona. Ndabwerera nazo kunyumba.

Lachisanu
Apongozi afika ndi masamba m'phale lamoto, amufukiza mwana. "Anga onse anakula ndi zimenezi, eti?" Mkamwini amayankha? Ndangoti zikomo. Kuseri kwa nkhokwe, ndudu zitatu.

Loweruka
Lero palibe choseketsa. Tadala sakuyamwa. Akamapuma, pansi pa nthiti pakulowa m'kati. Tamukulunga m'jekete langa, takwera kabaza. Ndili ndi mantha, Mulungu wanga, ndili ndi mantha.

Lamulungu
Tagonekedwa. Timachubu ta mpweya m'mphuno mwake. Anamwino anyamula jekete lija ndi zala ziwiri, alinunkhiza. "La ndani ili? Mwana akupumira m'fodya chonchi?" Amake Tadala akungondiyang'ana.
Jekete alitulutsa, lili pampanda panja. Tadala akulifuna, akutambasula kamkono, kulira kwake kulibe mphamvu. Mtima ukundiwawa.
Ndatenga pepala la Lolemba lija m'thumba. Cholembera ndabwereka kwa bambo wa bedi loyandikana ndi lathu.
5. ine