Si Munkangocheza Naye?

Lolemba

Lero ndiye lero! Sukulu ya ku Kasarani ija yandifuna, ndipo ntchito yake ndi yomwe ndinaphunzira: kuthandiza ana amene maganizo awalemera. Ahedi ake, mayi wa Chikenya wosadziwa kuzungulira, akuti chatsala n'chimodzi. Pofika Lachisanu ndiwaonetse kuti bungwe lopereka malayisensi lalandira mapepala anga, apo ayi aitana amene anakhala wachiwiri pa intavyu.

Zaka zinayi ndili mu Nairobi muno ngati katundu wa amuna anga, a Gondwe. Chiphaso changa chomwe chimanena kuti ndine wodalira mwamuna. Digiri ili m'sutikesi, pansi pa zitenje zopitira kumaliro.

Ku ofesi ya bungwelo, bambo wa pawindo akuyang'ana satifiketi, akugwedeza mutu, kenako akufunsa kuti zaka zinayizi ndinali kuti. Ndikuti ndimathandiza ana a Amalawi anzanga a kutchalitchi, mwaulere. Akuti sawa, chabwino, ndibweretse makalata a makolo awiri otsimikizira, osayinidwa, okhala ndi nambala zawo za foni.

Awiri okha! Ndaseka mpaka mlonda wacheuka. Ana amene ndawathandizapo:
- Tadala wa Mai Banda, amene anadzitsekera m'chipinda teremu yathunthu
- Yamikani wa a Nyirenda, wokodza pogona ali sitandade sikisi
- ena ndi ena, dzanja lingatope

Ndaimbira amayi ku Dedza kuti ntchito yapezeka. Alulutira pafoni mpaka khutu kuwawa. Ndasita diresi la buluu.

Lachiwiri

South C, kwa Mai Banda. Andilandira ndi manja awiri, tiyi, mandazi, makapu a alendo. Tadala ali kusukulu. Mawu amenewa ndiwalembenso: Tadala ali kusukulu! Ndine ndinkakhala pansi kunja kwa chitseko chake Lachiwiri lililonse, kulankhula ndi thabwa, mpaka tsiku limene thabwa linayankha.

Ndikufotokoza za kalata. Kapu yawo yaima m'malere.

"Iii, asisi, kalata? Si munkangocheza naye?"

Ndikuti dzina la mwana sitilemba. Akuti nanga lawo pansipo, akaliona sadziwa kuti ali ndi mtsikana mmodzi? Akuti mwana wamkazi mawa adzafuna banja, ndipo mapepala a boma sawola. Akuti mwana wawo si wamisala. Ndikuti palibe wanena za misala. Akuti eya, ndiye kalata ndi yachiyani?

Pondiperekeza andipatsira jumbo la usipa umene wangobwera kuchokera kumudzi. Ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza, ndanjuta. Chitsiru ine! M'matatu, minibasi ya kuno, anthu onse akundiyang'ana chifukwa cha fungo.

Palibe kanthu. Mmodzi wakana, makolo ndi ambiri.

Lachitatu

Rongai. Amene anati Rongai ili pafupi ndi Nairobi Mulungu amukhululukire. Mvula, matope, mzere wa magalimoto wosaoneka mutu wake, ndipo kondakitala akungoti tunafika, tunafika, ngati kufika ndi nkhani ya chikhulupiriro.

Mai Nyirenda anati ndibwere masana. Sanandiuze kuti bambo atenga tchuthi. Ndawapeza pabalaza, miyendo pa tebulo, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndayamba nkhani yonse bwinobwino.

"Ndani wanena kuti mwana wanga ali ndi vuto la m'mutu?"

Kumbuyo kwawo mayi akupukusa mutu, akuphethira, manja agwira pachifuwa ngati akupempha mgonero. Apa m'pamene ndazindikira. Miyezi yonse ija bambo ankauzidwa kuti ndimabwera kudzaphunzitsa masamu! Mabulangete ankachapidwa iwo atapita kuntchito.

Ndati pepani, ndasokoneza ndi mwana wina, Yamikani ndi wa masamu.

Nkhope yawo yamasuka. Akuti masamuwo ndiye ndinagwira ntchito, mnyamata anasintha, ngakhale kuseka anayamba. Akuti kalata ya masamu alemba pompano, ndipo alembadi, masamba awiri, Chingerezi cha ku likulu. Ine amene masamu a fomu folo ndinakhoza mwa chisomo.

Pageti mayi andikankhira thumba la mpunga wa ku Karonga, maso ali pansi. "Mundimvetse, asisi." Ndikuwamvetsa, ndiye vuto lake limenelo. Ndinapita kusukulu zaka zonse zija kukaphunzira kumvetsa anthu.

Zimene ndapeza mpaka pano:
- usipa
- mpunga
- umboni woti ndimadziwa masamu
- chimfine

Lachinayi

M'mawa ndaimbira makolo ena onse. Wina foni ikungoitana. Wina akuti ali mu miting'i, koma ndikumva poto akulira. Wina akuti, "Tipemphere kaye," ndipo wadula asanayambe pempherolo.

Nzeru yatsopano: abusa! Alembe m'dzina la mpingo, popanda dzina la kholo lililonse. Mwina pawindo paja angalole. Abusa akumvetsera mwachifundo, akuti nkhani yotere iyenera kudzera ku komiti. Wapampando wa komiti: Mai Banda. Mlembi: a Nyirenda. Ndaseka mokweza muofesi ya munthu wa Mulungu. Akuti paokha angalembe za khalidwe langa basi. Ndati lembani.

Pofika madzulo uthenga walowa pa gulu lathu la amayi la pafoni: "Amayi tichenjere, pali ena akutolera mayina a ana athu kupita nawo ku boma la eni dziko." Sanatchule munthu. Pansi pake amen, amen, amen, ndi timanja topemphera. Ena mwa oyankhawo ndikudziwa zimene ana awo amalota.

A Gondwe abwera kuntchito, amva zonse, akuti nkhani yaing'ono. Akuti ndingolemba ndekha mayina ndi manambala, a bungwe akawaimbira adzakana bwanji? Akuti anthuwa andidyera kokwanira.

Ndawakalipira mpaka asiya chakudya. Osati chifukwa alakwa kwambiri, koma chifukwa maganizo omwewo ndinali nawo kale m'matatu, ndi mndandanda womwe ndinali nditaupanga m'mutu. Koma mwana aliyense ndikangokhala naye, mawu anga oyamba amakhala amodzimodzi: zimene tikambe pano zithera pompano. Tadala anandifunsa kuseri kwa chitseko kuti, "Mukulumbira?" Ndinalumbira.

Ndinadzimanga ndekha, chingwe ndinagula ndekha. Mtima ukundiwawa zedi.

Lachisanu

Diresi la buluu. Boda, njinga yamoto, mpaka pa siteji, matatu mpaka m'tauni, chimfine chili pachimake.

Bambo wa pawindo watenga kalata ya abusa, akuwerenga mokweza pang'ono. Ndine mayi woopa Mulungu. Sindijomba. Ndimaimba alito mu kwaya. Pa maliro ndimafika msanga.

Akufunsa ngati pali ina. Sindikudziwa chimene chandigwira, ndamupatsa ya masamu. Wawerenga masamba onse awiri, munthu waulemu. Wandibwezera zonse pamodzi, wazilinganiza bwino m'mphepete.

"Pole sana, mama." Ndiye pepani wa kuno ameneyo.

Akuti njira ina ilipo: ndikagwire chaka pansi pa katswiri wa layisensi, kenako ndibwerenso. Chaka! Ndikuti ntchito ikutha lero. Akuti pole kachiwiri, akuitana wotsatira.

Ahedi ndawaimbira ndili pa masitepe. Sanazungulire. Akuti anandikonda, koma malamulo ndi malamulo, ana sangadikire. Zoona, ana sangadikire. Ndani akudziwa zimenezo kuposa ine?

Pobwerera matatu yadutsa pa geti ya sukuluyo nthawi yoweruka. Ndayang'ana mbali inayo, kuli khoma.

Loweruka

Sindinasambe. Diresi labwerera m'sutikesi, pamwamba pa digiri.

Amayi aimba foni kuchokera ku Dedza. Akuti auza a kumpingo onse, ndi azakhali a ku Ntcheu, ndi mayi wogulitsa tomato. Akufunsa ngati ofesi yanga ili ndi mpando wozungulira. Ndati netiweki ikuvuta. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo mbuzi yake inaimba yokha foni ku Dedza Lolemba.

A Gondwe akuyenda monyang'ama m'nyumba. Aphika mpunga wa a Nyirenda ndi usipa wa Mai Banda. Ndinafuna kukana, koma njala ilibe manyazi. Chokwiyitsa n'chakuti ndi wokoma.

Ndalira m'bafa, mpope uli wotsegula. Ndikanakhala kasitomala wanga ndikanadziuza kuti kulira n'kwabwino. Zautsiru.

Lamulungu

Ndapita kutchalitchi kuti asati ndathawa. Moni wa lero ndi wa nsonga za zala.

Nthawi ya maumboni. Waimirira ndani? Mai Banda, chitenje chatsopano, maikolofoni m'manja. Akuti chaka chatha mdani analowa m'nyumba mwawo, koma anagwada, anasala, ndipo mwana wawo anamasulidwa. "Popanda dzanja la munthu, abale! Popanda dzanja la munthu!" Mpingo wonse m'manja. Kwaya yaimirira. Ndaimba alito, monga kalata inanenera.

Potuluka ndakonza mawu. Ndawakonza bwino, ena a m'Baibulo, ena a ku Dedza. Ndipo ndi awo Mai Banda akubwera okha poimika magalimoto, akundikokera kuseri kwa basi ya mpingo, akuyang'ana uku ndi uku.

"Asisi, wayambanso. Chakudya akusiya pakhomo, kusukulu sanapite Lachinayi ndi Lachisanu. Mubwere Lachiwiri. Koma mudzere geti ya kumbuyo, anthu ayamba kulankhula."

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyambe ndi a ku Dedza aja. Ndiye ndamuona. Tadala ali m'galimoto, mpando wa kumbuyo, mawindo otseka, wavala juzi ya manja aatali dzuwa lonseli. Akundiyang'ana. Sanamwetulire, wangokweza zala ziwiri pang'ono pagalasi, monga ankagogodera chitseko kuti ndidziwe kuti akumva.

Ndafunsa kuti nthawi yanji.

Akuti folo koloko, bambo asanaweruke. Akuti andisungira nsinjiro.