Njovu Imene Inandimasulira Tayala pa Msewu wa ku Msoro

Amene akuti ndine wabodza asendere pafupi, asamalankhulire kuseri kwa matayala uko ngati sindikumva. Makutu anga adakali bwino, mano okha ndi amene anandithawa. Ine ndayendetsa galimoto ya a gemu, oteteza nyama zakutchire, m'chigwa muno zaka zambiri kuposa zimene ena a inu mwavala nsapato, ndipo zimene nditi ndinene pano ndinaziona ndi maso awa, Mulungu ndi mboni. Inu apongozi, khalani pa benchipo. Mwandifunsa ngati mugule sipanala ya mpweya yaikulu kapena yaing'ono ya kagalimoto kanu kamene mumakonza mwa apo ndi apo, ndipo ndaona kale kuti maso anu ali pa yaikulu. Sipanala yaikuluyo inatsala pang'ono kundiphera mkazi, apongozi anu aakazi omwewa, ndiye ku Chipata musapite musanandimve.

Masiku amenewo ndinali dalaivala wa maskauti olondera nyama pa kampu ina m'mphepete mwa paki ya nyama, uko kumene msewu umathera m'mitengo ya tsanya. Galimoto inali imodzi yokha, yaing'ono, ya mipando iwiri kutsogolo ndi bodi kumbuyo. Ndiyo inkanyamula maskauti, ufa wawo, odwala ndi maliro omwe. Zokonza sizinali zambiri, kusintha tayala minga ikalasa, kumanga sipuling'i ikathyoka, basi. Tsiku lina bwana wa pa kampu anabweretsa kakompuresa, kamakina kopopa mpweya kokhala ndi injini yakeyake, ndipo anakamangirira pasimenti kuseri kwa ofesi. Atatero anandituma ku Chipata kuti ndikasankhe sipanala yoyendera mpweya, ija imalira ngati mfuti ikamamasula manati, kuti tisamathyoke misana.

Wogulitsa m'sitolo uja anali munthu wabwino, sindimunenera choipa. Anayala zitatu patebulo. Ya hafu inchi inkakwana m'dzanja limodzi, ya thiri kota inkafuna manja awiri, koma ya wani inchi anachita kuikoka anthu awiri kuchokera kumbuyo, tebulo n'kulira miyendo. Anandifunsa kuti ndimakonza chiyani, ine ndinamuuza zoona.

"Tengani ya hafu inchi, bambo," anatero. "Yaikuluyi ndi ya malole ndi mathirakitala. Manati a kagalimoto kanu idzawamanga mopitirira."

Ndinali nditatambasula kale dzanja. Koma kumbuyo kwanga kunaima dalaivala wina wa lole yonyamula thonje, wa mimba yake uko, ndipo anaseka n'kunena kuti a gemu apatseni kachidole kawoko akaseweretse ndi anyani. Mukumva? Ine, munthu amene ndinakokapo mvuu kumchira kuichotsa m'munda wa mpunga, kundinena choncho pamaso pa anthu. Ndinanyamula ya wani inchi ija ndi dzanja limodzi, ndinauza wogulitsa kuti andipatse kachitsulo kolumikizira kuti igwire manati ang'onoang'ono, n'kutuluka osayang'ana m'mbuyo, ndipo nditaiika m'galimoto matayala akutsogolo ananyamuka m'mwamba moti kuchokera ku Chipata kudzafika pano pa Jumbe ndinayenda ndi akumbuyo okha, ndikuona msewu pa zenera la m'mbali.

Kufika pa kampu, vuto linali mpweya. Chisipanala chija chinkafuna mpweya wa mudzi wonse, ndiye kakompuresa kaja titakaliza kanayamba kukoka, kukoka, kukoka, mpaka moto wa azimayi unazima m'makhitchini onse, nkhuku zinagwa chagada, skauti wina amene ankaimba nyimbo akusamba anapezeka akungotsegula pakamwa popanda mawu, mvuu za mumtsinje wa Luangwa zinatulutsa mitu zili wefuwefu, ndipo kamtambo kamodzi kamene kankadutsa tsiku limenelo kanatsika n'kulowa m'payipi tikuona. Ndikulumbira. Thanki itadzaza ndinaika chisipanala pa nati yoyamba n'kudina, ndipo nati inaima chilili, galimoto ndi imene inazungulira katatu, bwana ali momwemo akuwerenga kalata. Ndinauza maskauti folo kuti aigwire galimotoyo, ine ndinamanga manati onse, matayala onse anayi, mpaka chitsulo chinafiira ndipo ndinayatsirapo fodya.

Sabata yonseyo ndinkayenda ndikudzitama kuti tayala langa silidzagwa panjira mpaka dziko lidzathe. Chisipanala ndinachiika kuseri kwa mpando kuti ndizionetsa anthu m'midzi. Funso limodzi lokha ndi limene sindinadzifunse, lakuti kodi tayala likadzaphulika m'tchire, kompuresa ili pasimenti ku kampu, adzamasule ndani. Ndi chifukwa chake ndikukuuzani, apongozi, kuti ya hafu inchi ikukwanani, ndipo ngakhale imeneyo muzimasulira chabe. Pomanga muzimalizitsa ndi dzanja, mphamvu yomweyo imene mudzakhale nayo muli nokha panjira.

Unali mwezi wa Okotobala, kutentha kuja koti nyerere zimayenda zikudumpha. Mkazi wanga Enelesi anali ndi pakati poyamba, ndipo matenda anamuyamba m'mawa wa dzulo lake. Azamba a pa kampu, amake Lazaro, anali naye m'nyumba, ine ndili panja ndikupukuta galimoto yoyera kale. Cha m'ma teni koloko anatuluka, nkhope yawo sindidzaiiwala.

"Adalaivala, lizani galimoto," anatero. "Mwana wagona mopingasa, ine zandikanika. Ku mishoni tsopano lino."

Tinayala matiresi kumbuyo, tinamugoneka, azamba anakhala pambali pake atamutchingira dzuwa ndi chitenje. Ndinaliza galimoto n'kunyamuka. Kupita ku chipatala cha mishoni ku Msoro unali ulendo wa maola awiri msewu ukakhala wouma, ndipo ndinkadziuza mumtima kuti maola awiri si kanthu, munthu akhoza kupirira. Tisanafike n'komwe pakati, pamalo pena popanda mudzi kutsogolo kapena kumbuyo, chitsa cha tsanya chosongoka chinalasa tayala la kumbuyo kumanzere, ndipo ndinalimva likupuma mpweya wake wonse.

Sindinade nkhawa poyamba. Sipeya inalipo, jeke inalipo, sipanala ya manja inalipo. Ndinaiika pa nati n'kukoka, nati osasuntha. Ndinaipondera, ndinadumphapo ndi miyendo yonse iwiri, ndinalowetsa chitsulo chachitali kuti mphamvu ichuluke n'kulendewera kumapeto kwake, nati ili phee ngati inabadwira pomwepo. Apo ndinakumbukira amene anaimanga. Kunali gulu la anyani mumtengo likundiyang'ana, ndiye ndinawakalipira m'Chikunda kuti mukungoonerera chiyani munthu akuvutika, ndipo anatsika thwelofu, akuluakulu okhaokha, n'kukhala pamzere pa chitsulo chija, wamkulu wawo akuwerenga, onse n'kudumpha pamodzi, koma chitsulo ndi chimene chinapindika ngati nzimbe yanthete, nati ili pomwepo. Mukumva?

Azamba anagogoda bodi. "Zatheka?"

Ndinayankha kuti pang'ono, mayi. Chimene chinkandiopsa sichinali kukuwa kwa Enelesi. Chinali chakuti kukuwako kunkachepa. Pochoka pa kampu ankanditukwana, ankatchula mayi ake, tsopano ankangobuula pansipansi, ndipo ine ndinkatchera khutu pakati pa kubuula kumodzi ndi kwina ndikuopa kuti kwinako sikubwera. Ndinali ndi mantha amene sindinakhalepo nawo, ngakhale tsiku limene mkango unagona pa boneti usiku wonse ine ndili m'kati.

Ndinatulutsa chisipanala kuseri kwa mpando pamodzi ndi payipi yake. Chimene chinamanga, ndicho chimasule. Koma mpweya ndiupeza kuti? Ndinaika payipi kukamwa n'kupuma mpweya wonse wa pamalopo mpaka akashembe anagwa pansi ngati mapira, ndinauzira mpaka maso anatuluka ndipo ndinkaona kumbuyo kwanga osatembenuka, mabatani a shati anathothoka n'kukalasa mtengo, chisipanala chinangotsokomola kamodzi n'kukhala chete. Ndinagwada pamchenga wotenthawo, ndinapemphera pemphero losalongosoka, theka Chinyanja theka Chikunda, ndipo pamene ndinkati ameni ndinaona mthunzi utandiphimba.

Inali njovu yamphongo ya mnyanga umodzi, imene maskauti onse ankaithawa. Ine inkandidziwa, chifukwa tikakumana pamsewu ndinkazimitsa injini n'kuisiya idutse, sindinaiimbirepo hutala ngati madalaivala opanda mwambo. Ndinavula chipewa ndinati mwaswera bwanji, akuluakulu, onani mavuto andigwera. Inayang'ana m'bodi, inayang'ana tayala, inapukusa makutu. Ndinapempha azamba kachitini kawo ka fodya wa m'mphuno kamene ankakamanga kumapeto kwa chitenje, ndinathira pang'ono m'chitamba, ndinalowetsa payipi momwemo n'kumanga ndi malegeni kuti mpweya usathawe, ndinaika chisipanala pa nati, ndinatseka maso. Njovu inakweza mutu, inanjenjemera thupi lonse, n'kuyetsemula.

Nati yoyamba inagwera m'chipewa changa ikufuka utsi, ndipo fumbi la pamenepo linakafika ku Mambwe, makalaliki a m'maofesi anatseka mazenera akuganiza kuti mvula yayamba. Kuyetsemula kwachiwiri anyani aja anathothoka mumtengo onse, kwachitatu masamba a tsanya anagwa kuchokera pamenepo mpaka kumtsinje moti a gemu anadabwa chaka chimenecho kuti nyama zikuoneka patali bwanji, kwachinayi madzi a mu Luangwa anabwerera kumtunda ola lathunthu, asodzi n'kupeza nsomba zimene anaphonya dzulo zikudutsanso. Yachisanu inakana. Fodya anali atatha, njovu ikungotuluka misozi, m'bodi muli zii, ine ndikuitana Enelesi, Enelesi, osayankha. Ndinakhuthula thumba la azamba, ndinapeza kampukutu ka tsabola wosinja, ndinapepesa njovu ndinati mundikhululukire akuluakulu, n'kuthira yense. Zimene zinachitika apo sindinazione bwino, chifukwa ndinapezeka ndili pamwamba pa mlambe, koma nati inali m'dzanja langa. Potsika ndinapeza jeke yamira mumchenga, ndiye njovu inalowetsa mnyanga wake umodziwo pansi pa galimoto n'kuinyamula, ine ndinaika sipeya, ndinamanga ndi zala zokha, ndipo ndinathamanga moti ku Msoro tinafika fumbi lathu lisananyamuke pamene tinachokera, belu la masana likulira, anamwino n'kumulandira, mwana n'kubadwa.

Sekani, ndakuuzani kale kuti ndinaziona ndi maso. Koma inu apongozi simukuseka. Mwati chiyani? Mwati mwana wake ndi uti, poti akazi anu anabadwa mvula ili pakati, m'chipatala cha ku Chipata?

Inu anthu ophunzira mumavuta. Enanu pitirizani ntchito yanu, matayala akukudikirani. Apongozi, senderani kuno.

Njovu inalipo, chimenecho sindibweza. Inaima patali pansi pa mtengo ikudya, ndipo sinatiyang'ane n'komwe. Manati aja sanamasuke ngakhale imodzi. Ndinalimbana nawo mpaka zikhatho zinasupuka, kenako ndinaliza galimoto n'kuyenda ndi tayala lophwa mpaka linang'ambika lonse, n'kutsala chitsulo chokha chikukukuta miyala. Ndikati ndithamange, galimoto inkadumpha, azamba n'kugogoda kuti mukumupweteka. Ndinayenda liwiro la munthu wapansi. Tinalowa pa mishoni dzuwa litapendeka kale, ndipo anamwino anachita zonse zimene akanatha. Enelesi anamupulumutsa. Mwana anali wamwamuna, ndipo amake Lazaro anandiuza pambuyo pake kuti pamene tayala linkaphulika anali akusunthabe m'mimba.

Nkhani imeneyi ndaifotokoza m'mabawa, pamaliro, ngakhale kwa azungu odzaona nyama, ndipo njovu ndimaiikamo chifukwa popanda iyo sindingathe kufika nayo kumapeto. Kwathu kuno mwana wobadwa atamwalira kale amakamuika azimayi okhaokha, mwakachetechete, mwamuna sapitako ndipo salira maliro. Ine ndinatsala panja pa chipatala pafupi ndi galimoto, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene anamugoneka. Akazi anu musakawauze zimenezi, apongozi. Iwo amadziwa kuti ndiwo oyamba kubadwa.