Tsiku limene ndinavinira malemu Derek

"Adadi, why mukuvina ndi agogo achizungu koma anthu onse avala black?"

Anafunsa ndi Tadala, mwana wanga wa zaka zisanu, akuloza chithunzi chomwe mayi ake anamata pa firiji kuti ndisamadzimve. Funsoli ndalizemba kokwana. Lero ndiulula, ngakhale manyazi ake amanditenthabe m'makutu.

Pali nyimbo ina yakale ya ku Amereka, ya funk. Imayamba ndi besi yonenepa, kenako malipenga, kenako woimbayo amakuwa ngati waponda minga. Bambo anga anali ndi chimbale chake ku famu ya fodya komwe ndinakulira ku Zimbabwe. Pa ukwati uliwonse wa pa komboni ankalowa nayo chobwerera m'mbuyo, masitepe khumi osacheuka, kenako n'kuzungulira manja ali m'mwamba. Sitepe imeneyo ndi chuma chokhacho chomwe anandisiyira.

Ndiye mlamu wanga Thoko akukwatiwa ku Lewisham, kuno ku London, ndinadzipereka kutsogolera gulu lovina polowa. Chifukwa chinalipo. Apongozi anga, mayi a mkazi wanga Chisomo, anafika ku London kalekale, ndipo ine ankandiona ngati mnyamata wa ku famu wongodziwa kukankha matrolley ku chipatala ndi kusinza ku night school. Ndinati tsiku limeneli andidziwa.

Tinapangana ndi DJ kuti besi ikangolira, ine ndilowe.

Linali Lachisanu masana, ndipo basi inandichedwetsa. Ndinatsika ndikuthamanga, wesikoti yagolide ikunyezimira, foni ili kukhutu.

"Uli kuti iwe?" anakuwa Chisomo. "Amayi ayamba kale kuyang'ana wotchi!"

"Ndafika! Uza DJ akonzeke!"

Phwando linali mu holo ya kuseri kwa tchalitchi. Ndikudutsa m'mbali mwa tchalitchicho, ndinamva besi ija kuseri kwa kachitseko kena. Nyimbo ya bambo anga! Sindinafunse munthu. Nyimbo imeneyo ingalirenso kuti ngati si pa ukwati?

Ndinatembenuka, n'kukankha chitseko ndi msana, n'kulowa.

Sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Zii! Ngakhale nthungululu imodzi. Ndinati ehe, apongozi awauza anthu kuti asandichemerere. Ndinawonjezera moto. Mapewa anagwira ntchito, chiuno chinalowa overtime.

"Azimayi, nthungululu zili kuti?" ndinakuwa, maso ali kuchitseko. "Mwangoti duu, kodi kuno ndi kumaliro?"

Wina anatsokomola.

Pa sitepe ya khumi msana unagunda chinthu cholimba. Ndinapapasa kumbuyo: thabwa losalala, maluwa pamwamba. Tebulo la keke! Ndinaliimba ngati ng'oma katatu motsatana ndi malipenga, kenako ndinazungulira monga ankachitira bambo, manja m'mwamba, mano onse panja.

Linali bokosi la maliro.

Azungu anali atadzaza tchalitchi, onse mu zakuda. Amuna onyamula bokosi anaima chilili. M'busa kukamwa kunali yasa. Kwathu ukakumana ndi maliro umavula chipewa, wa njinga amatsika. Ine ndinali nditangoimba ng'oma pa malemu! Ndinagwada pomwepo. Chingerezi chonse cha night school chinathawa, chinatsala ndi "sorry" yekha, ndipo ndinamunena kasanu.

Gogo wina wochepa thupi, wa chipewa chakuda, anadzuka pa benchi yakutsogolo. Mumtima ndinati basi, apa ndi police. Koma anandigwira dzanja.

"Get up, love," anatero. Dzina lake anali Maureen. Anandiuza kuti m'bokosimo munali mwamuna wake Derek, yemwe anakalamba akuyendetsa basi. Derekyo anamufunsira akuvina nyimbo yomweyi, ndipo anasiya mawu akuti pomutulutsa m'tchalitchi aliyense avine.

"Koma taona anthu angawa, aima ngati ali pa bus stop. Wakutuma ndani?"

"Palibe, madam. Wrong door."

"Wakutuma ndi Derek. Again, from the top!"

Anaiyambitsanso nyimbo. Ine ndi Maureen patsogolo, bokosi pambuyo, azungu akugwedeza mawondo aliyense pa nthawi yake. Ndinamuonetsa sitepe ya bambo, iye n'kuigwira msanga kuposa gulu lathu lomwe linayeserera mwezi wathunthu. Ankaseka misozi ikutsika. Pamenepo ndi pomwe wachibale wina wa Maureen anajambula chithunzi chija.

Tikutuluka pa khomo lalikulu, ndinangoima nji! Apongozi anali ataima pamenepo, duku la ukwati lili neng'a, atabwera okha kudzandifunafuna. Anayang'ana ine. Anayang'ana bokosi. Anayang'ananso ine.

"Bambo a Tadala," anatero mosakweza mawu, "kwathu ku Dedza ovina pa maliro ndi a Gule. Komatu iwo ali ndi nzeru, amabisa nkhope."

"Pepani amayi, ndinasokera chitseko."

"Malizani kuperekeza anzanuwo, simungawasiye panjira. Mukatero mubwere mudzavinire amoyo." Anayenda pang'ono, n'kucheuka. "Sitepe ija ndaiona. Si yoipa."

Kuchokera tsiku limenelo amandipakulira okha nyama, ngakhale alendo akabwera amanditchula kuti "mkamwini wanga wovinira akufa". Maureen naye saiwala kutumiza khadi pa Khirisimasi.

Ndiye Tadala atabwerezanso funso lake dzulo, ndinamunyamula n'kumukhazika pamwendo.

"Agogo amenewo anali achisoni, mwanangu, ndiye ndinawabwereka sitepe ya agogo ako. Nyimbo yabwino sisankha khomo. Koma iwe ukamalowa pamalo, maso azitsogola, matako azibwera pambuyo."