Suti ya Amalume pa Zionetsero

Nkhani iyi ndakhala ndikuikhalira zaka zambiri, koma poti amalume amaifotokoza pa ukwati uliwonse, ndi mchere wawo wowonjezera, bola ndiinene ndekha.

Munali mu 2011. Ndinali pa yunivesite ku Durban, ndikuphunzira za mmene magulu omenyera ufulu wa anthu amayambira ndi kukulira. Mabuku ndinkawadya ngati chiponde. Ndikanatha kukuuzani chifukwa chake anthu amaguba, amene amawatsogolera, ngakhale nthawi imene amatopa. Vuto linali limodzi: chibadwire ndinali ndisanapondepo pa zionetsero. Ndiye aphunzitsi athu, mayi wosaseka wamba, anatituma kuti aliyense akaone gulu lenileni likuguba, adzalembe zimene waona. "Mukangoonerera chabe," anatero, "musakalowerere."

Ine mantha gwa! Chichokereni 2008, pamene anthu obwera kuchokera kumaiko ena ankasakidwa ngati mbewa, Chichewa ndinkachisiya m'nyumba pamodzi ndi masilipasi. Mu tekisi ndinali munthu wa "yebo" ndi "sharp" basi. Tsono ndikaime pakati pa khamu lokwiya, wina n'kuzindikira kuti ndine Mmalawi?

Ndinkakhala ku Clermont ndi amalume anga, Che Saidi, telala wochokera ku Mangochi. M'mawa wa tsikulo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Upita ndi jinzi yong'ambikayo? Munthu wa yunivesite kupita kumsonkhano ngati wokagula makala? Anthu aziti ulibe abale?"

"Amalume, si msonkhano. Ndi zionetsero."

"Kukakhala akuluakulu?"

"Akakhalako."

"Ndiye ndi msonkhano."

Anatulutsa suti yawo ya pa Idi, yakuda bii, ndi tayi wofiira. Ndinadziyang'ana pagalasi ndipo, ndisaname, ndinadzikonda.

Oguba tsikulo anali anthu okhala m'zisakasa. Ankapita ku ofesi ina ya za nyumba kukapereka chikalata cha madandaulo: madzi, zimbudzi, ndi kugumulidwa kwa nyumba zawo. Ndinafika msanga, n'kukwera masitepe a ofesiyo kuti ndizionera pamwamba (buku lina linati wofufuza aime malo okwera, koma za suti silinanenepo kanthu), fayilo m'khwapa, cholembera m'manja. Mlonda wa pakhomo anandimenyera saluti. Munthu wanzeru akanazindikira pomwepo. Ine ndinangogwedeza mutu ngati ndinazolowera.

Khamu linafika, nyimbo zili pakamwa, mapazi akupondaponda mpaka masitepe kunjenjemera. Anaimba, anaimba, bwana wolandira chikalata osatuluka. Kenaka phokoso linasintha, zala zikuloza kumtunda. Ine, katswiri, ndinalemba m'fayilo kuti: "Khamu lasangalala, laona chinachake." Chinachakecho ndinali ine.

Mtsogoleri wawo, mayi wachikulire wa duku wofiira, anakwera masitepe atanyamula chimkuzamawu. Anawerenga madandaulo onse, pa mfundo iliyonse akundiloza pamphuno. Eish! Nditsegule pakamwa, Chizulu changa chotsimphina chindiulule. Ndithawe, khamu latseka njira. Ndinangoima ngati mtengo wa magetsi, thukuta likutsika m'suti ya eni. Atamaliza anatambasula dzanja, kundipatsa chikalatacho.

Abale inu, sukulu ndi sukulu, koma kuleredwa n'kwina. Mayi wa msinkhu wa amayi anga akundipatsa chinthu, ine ndilandire chiimire? Mutu usanaganize n'komwe, bondo linali litafika kale pansi, manja onse awiri patsogolo, ndipo pakamwa panatuluka mawu, kulunjika m'chimkuzamawu muja:

"Zikomo kwambiri, amayi."



Mumtima ndinati basi, lero ndatha, amalume suti yawo akaitengera kuchipatala. Mayi aja anandifunsa m'Chizulu kuti ndine yani ndipo kwathu n'kuti. Ndinaulula zonse ndili chigwadire: sindine bwana, ndine mwana wa sukulu, kwathu n'ku Malawi.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Ndinakayika ine," anauza khamulo, akupukuta misozi ya phwete. "Zaka zonsezi tikuguba, munaonapo bwana wa ofesi ino akugwadira munthu wa m'chisakasa?"

Khamu lonse linafa nalo phwete. Ndiye chakumbuyo kunamveka mawu, m'Chichewa chenicheni, mopanda kunong'ona:

"Achimwene, dzukani, mudetsa thalauza!"

Wina uko anawonjezera: "Suti yobwereka imeneyo, asiyeni aisamale!"

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Amalawi anzanga analimo m'khamumo, akuguba ndi anansi awo, ndipo tsiku limenelo tinalankhula chinenero chathu pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe anatigenda.

Koma mayi aja anali asanathane nane. Anandidzutsa pondikoka tayi. "Mwana wanga, poti mlondayu amakumenyera saluti, lowa nacho chikalatachi mu ofesimo. Usatuluke chopanda chidindo." Ndinalowa. Sutiyo inanditsegulira zitseko zitatu, ndipo ndinatuluka chidindo chili phaa pa chikalata. Oguba aja anandivinitsa mpaka kokwerera matekisi (za kavinidwe kanga tisakambe, ndinkaoneka ngati ndaponda linthumbu).

Zonsezi ndinazilemba moona mtima. Aphunzitsi anandipatsa malikisi ongodutsira, pansi pake atalemba ndi inki yofiira kuti: "Ndinati musakalowerere." Koma pondibwezera pepalalo ndinawaona akuluma mlomo kuti asaseke, koyamba chaka chonsecho.

Amalume anangosasa fumbi pa bondo la suti yawo, monyadira ngati apambana mlandu. "Ndinakuuza kuti ndi msonkhano. Ukanapita ndi jinzi, anthu aja bwenzi akuimbabe."

Zaka zitatu ndinabisa lilime, osadziwa kuti bondo nalo limalankhula Chichewa. Mpaka lero bondolo silinaphunzire Chizulu, ndipo ndinasiya kulikakamiza.