Ndinalira Maliro a Achimwene Ali Moyo

Nkhani iyi ndimainena ndi manyazi, koma poti Ngabu yense anaimva kale, bola muimve kwa mwiniwake anthu asanaithire mchere wambiri.

Achimwene anga, a Fombe, anagwira ntchito kuminda ya nzimbe mpaka kupuma. Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, mawu nawo ankatuluka movutikira. Ine ndimakhala ku Makhuwira, kutsidya kwa Shire, ndipo kumpingo amandidziwa ngati mayi woyendera odwala. Ndiye mwezi wa Okutobala, dothi likuwotcha mapazi, ndinanyamuka kukawaona.

Akazi awo, alamu anga, anandilandira pakhomo. "Mwachita bwino kubwera. Khalani nawo kaye, ndithamangire kumsika ndikapeze mlamba."

Ndinalowa kuchipinda. Pambali pa bedi panali katebulo, pamwamba pake kagalasi kakuda kosalala, kamene ndinayesa ndi thireyi ya makapu. Ndinagwada, kutsamiritsa zigongono pamenepo, n'kutsinzina.

"Atate wakumwamba, tabwera ndi kapolo wanu..."

Ndinamva kulira kwapansipansi ngati chigayo chakutali. Nditatsegula diso limodzi, ndinaona katani ikuyenda yokha kuchoka mbali ina ya zenera kupita ina. Mphepo kunalibe. Munthu panalibe.

Ndinatsinzinanso mwamphamvu. Ndinadziuza kuti ndi kutopa kwa ulendo.

Chigayo chija chinayambanso. Tsopano kunja kwa zenera kunkatsika chitseko chachitsulo, chonga zija amatsekera magolosale, pang'onopang'ono, mpaka m'chipinda munada bii, dzuwa lili paliwombo.

Ndayendera odwala ambiri, ndipo ena amanena okha kuti, "Kukuda," akamatsirizika. Koma kuti mdima uchite kuoneka ndi kwa wowadwazika yemwe, ndinali ndisanamvepo.

"Achimwene, mukundimva?"

"Mmm... mmm..."

Ndinawaona mwachizimezime akukweza dzanja lamanzere, kuloza kumene ndinali. Ine ndinaganiza kuti akuona chinthu chitaima kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Ndinakanikiza zigongono patebulo, n'kukweza mawu.

"M'dzina la Yesu, bwerera kumene wachokera!"

Chitsulo chija chinakwera. Kuwala kunalowa. Ndinati Mulungu wamva. Ndisanafike pa Ameni, chinatsikanso, makatani nawo uku akutseka, uku akutsegula. Ndikapendamira kumanja, mdima. Ndikapendamira kumanzere, kuwala. Koma zimenezi ndinazizindikira pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinkangoona nkhondo ya moyo wa m'bale wanga, ndili ndekha m'nyumba.

Kenaka bedi linayamba kugwedera. Chifuwa cha achimwene chinkakwera n'kutsika, misozi ili mbwee, pakhosi pakumveka "hii, hii, hii". Pomaliza anakoka mpweya wautali, n'kukhala chete.

Ndinadzuka, m'chipinda muli mdima, ndinathamangira panja manja ali kumutu.

"Mayo ine, achimwene anga! Mwandisiyira yani?"

Kwathu kuno mfuu yotereyi safunsa kawiri. Mayi Chiriza oyandikana nawo anafika chitenje chili m'manja, akufunsa m'Chisena kuti chagwa n'chiyani, "Ninji? Ninji?" Ataona nkhope yanga anayamba kulira nawo. Amayi ena anadzaza khonde. Amuna anayamba kutulutsa mipando ya pabalaza, ndipo wakabaza wina anali atathyola kale nthambi n'kuika pamsewu.

Alamu anga anatulukira pomwepo. Anaponya mlamba pansi n'kulowa kuchipinda, ife tili pambuyo. Anayatsa getsi.

Achimwene anali maso, akupuma bwinobwino, akupukuta misozi ndi shiti. Atangondiona, bedi linayambanso kugwedera. Anthu inu, kugwedera konse kuja kunali kuseka.

Foni ya alamu inalira. Anali Tadala, mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Mawu ake ndiwanena monga tinawamvera tonse, poti foni inali pa laudi.

"Amayi, ndani akuseweretsa tabuleti ya adadi? Pafoni yanga pano ndikuona mashata akungokwera n'kutsika. Mota ipsa imeneyo."

"Ndi azakhali ako."

"Akudina chiyani?"

"Amapemphera."

Kenaka Tadala anafotokoza mofatsa. Poti bambo ake sangadzuke kukatseka zenera dzuwa likalowa m'chipinda, anawaikira makatani ndi mashata oyenda ndi mota, zoyendera sola. Kagalasi kaja ndiye tabuletiyo, ndipo ndi kamene amaziuzira. Iye mwini ndiye anakonza maonekedwe ake: anachotsa zolembalemba zonse, n'kusiya mabatani akuluakulu ngati chikhatho, la dzuwa ndi la mthunzi, oti dzanja lonjenjemera likangokhudza, amve.

"Ndinaganizira chala cha adadi," anatero. "Chigongono cha azakhali sindinachiganizire."

Mayi Chiriza anakhala pansi ndi kuseka. Alamu anatuma anthu kuti abweze mipando ndi kuchotsa nthambi pamsewu abusa asanamve. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

Achimwene anandikodola. Ndinawerama. Analimbana ndi lilime kwa kanthawi, ndipo alamu akuti chiyambire matenda anali asanalankhulepo mawu ambiri chotere nthawi imodzi.

"Mlongo... umalira bwino. Tsiku lenilenilo... usadzatume wina."

Tadala anabwera Loweruka lake kudzakonzanso mabatani. Tsopano pamafunika kudina n'kugwirabe pang'ono, kenaka kagalasiko kamafunsa kuti, "Mwatsimikiza?" Anandipempha kuti ndigwadenso pomwe paja ayese ngati zatheka. Ndinagwada. Palibe chinayenda. Anandithokoza, nati kuntchito kwawo aliyense akakonza mabatani atsopano, anzake azimufunsa ngati mabataniwo angapirire chigongono cha azakhali.

Abale anga, popemphera tsinzinani ndithu, koma muyambe mwaona pamene mwatsamira.