Fumbi ya Chaka Chino

Ulendo womaliza umene Trevor anamuona mkulu wake Ackim ali moyo, munthuyo anali pabedi kuchipatala, mafupa okhaokha, koma pakamwa pali gemu. Inali ija yothamangitsa magalimoto, yotuluka chaka ndi chaka, imene anyamata a ku Limbe amangoitcha Fumbi. Otsatsa malonda anali atalumbira kuti ya chaka chino idzabwera ndi misewu yatsopano, mvula yeniyeni, ndi matayala omva matope.

"Ikafika udzandipezere, mfana," anatero Ackim.

Trevor analonjeza. Gemuyo inafika woifunayo atagona kale kumanda.

Pulani inabadwira m'bala ya a Stacy, kuseri kwa depoti. Bonface, amene ankadzitcha Jenerali ngakhale sanawombepo ndi legeni yomwe, anaijambula patebulo ndi chala choviika m'mowa. Sitolo ya magemu ya a Ronald, kumene Ackim ankagwira ntchito. Lamulungu m'mawa, mwiniwake ali kutchalitchi, magetsi atazima, kamera ili tulo. Yona, wotchedwa Sipana, adzatsegula zenera. Trevor, yemwe ankamuti Digiri chifukwa anasiyira koleji panjira, adzalozera shelefu. Jenerali ankalota makatoni. Digiri ankangofuna imodzi yokha, yokaika pamanda.

Analowera pa kazenera ka kuchimbudzi. Thalauzi la Jenerali linatsala theka pamsomali, koma iye anati pankhondo sipalephera kuvulala.

Ali mkati mopakira, magetsi anachita zimene sanachitepo chiyambire: anabwera nthawi isanakwane. Sipana, mwana wokulira ku Bangwe, sanathe kudzigwira.

"Ayakaaa!"

Anakuwa moyang'anizana ndi kamera, manja m'mwamba, mano onse panja.

Munthu wanzeru akanathawa. Koma TV yaikulu yoonetsera makasitomala inali itayakanso, Fumbi yatsopano ili pompo, ndipo Jenerali analamula kuti katundu ayesedwe kaye, iye sagulitsa zinthu zosadziwa.

Anayesa. Msewu woyamba unali wa chaka chatha. Wachiwiri chimodzimodzi, ndi mtengo womwe uja wopindika pakona. Mvula yolonjezedwa ija inali timadontho togwa pagalasi, matayala osamva kanthu. Chatsopano chinali nambala ya pachikuto ndi chipewa cha dalaivala.

"Digiri, iweyo unawerengako," anatero Jenerali. "Izi si zakuba izi? Anthu amenewa saopa Mulungu?"

 Trevor mtima unali utamuwawa: Ackim anadikira chipewa mpaka kufa. Kenaka anaona kutsogolo kwa galimoto imene ankayendetsa kagalimoto kotuwa, koonekera ngati utsi, kamene gemu imasunga posonyeza mmene katswiri wa msewuwo anayendetsera. Eni gemuwo, mwa ulesi wawo, sanasinthe ngakhale zosungidwa zakale. Kanalowa pakona mochedwa kuponda buleki, kakukhula mpanda ndi thako, monga ankayendetsera munthu mmodzi yekha pa dziko lino, m'sitolo momwemu nthawi ya nkhomaliro.

"Ndi akulu," ananong'ona.

Anakathamangitsa. Kanamusiya. Anayambiranso. Sipana anapempha kuti ayeseko, nagwera m'ngalande. Jenerali anati ana inu simudziwa, nakhalira katoni ya katundu wakubayo, nagunda mtengo wopindika uja. Anagwirizana kuti woluza azipereka mpata kwa mnzake, ndipo anaima pamzere mwaulemu kuposa kubanki.

Umo ndi mmene a Ronald anawapezera, Baibulo kukhwapa, apolisi awiri kumbuyo. Jenerali, kabudula wamkati ali pamtetete, anayamba kufotokoza kuti akuba enieni ali kunja kwa dziko ndipo iye ndi mboni. Sipana anakana kuti si iye, mpaka a Ronald anamuonetsa pa foni mano ake amene kamera inajambula.

Trevor sanatembenuke n'komwe.

"Bwana, ndimalize kaye raundi ino," anapempha.

A Ronald anayang'ana kagalimoto kotuwako, nagwira wapolisi pamkono kuti adikire. Kanafika koyamba, monga mwa nthawi zonse. Pagalasi panatuluka dzina la katswiri ndi tsiku lake.

ACKIM. 14 Juni 2024.